Kulemba munthu woti azikuyenderani makina a vending kuno ku Joni

Bizinesi ya makina ogulitsa okha aja, a vending, ambiri timaiyamba poganiza kuti ndi ndalama yobwera uli mtulo, ungoika makina pa fakitale ina ku Germiston kapena pa koleji ku Braamfontein basi iwe nkumangopita kokatolera. Akakhala awiri kapena atatu zimatheka ndithu, mumapita nokha poweruka kapena Loweruka mmawa. Koma akangofika sikisi, eyiti, ena ali ku Kempton Park ena ku Roodepoort inuyo mulinso ndi ntchito yanu ya masana, mpamene mafoni amayamba, makina anu atha Coke kuyambira Lachiwiri, ameza R20 ya munthu, chokoleti chasungunuka, bwana wa malo akuti mukapanda kubwera sabata ino muwachotse. Zikafika pamenepo nde kuti nthawi yolemba munthu yakwana.

Musanalembe khalani kaye pansi muwerengere. Makina amodzi kuwadzaza bwinobwino, kupukuta galasi, kutenga ndalama ndi kulemba manambala mwina ndi theka la ola, koma nthawi yambiri imathera panjira ndi pageti kudikira asekyulite akusainitseni. Nde munthu wanuyo simukumulipira kudzaza kokha ayi, mukumulipiranso maola amene wakhala mu trafiki ya pa N1. Ngati phindu la makina onse pamwezi, mutachotsa stoko ndi komishoni ya eni malo, silikukwana malipiro ake ndi thiransipoti nkutsalako kanganyase, musalembe wa mwezi wonse, yambani ndi wa masiku awiri pa sabata. Ndipo poyamba mpatseni ntchito yodzaza yokha, ndalama muzitenga nokha. Makina ambiri bokosi la ndalama limatheka kuliika loko yakeyake mkati, munthu atha kutsegula chitseko nkudzaza tchipisi osafika pa dola.

Tsopano ndani woti mumulembe. Apa Amalawife timathamangira mbale, mwana wa achemwali wangofika kumene kuchokera ku Mangochi kapena ku Mzimba akungogona pa balaza, nde mukuti bola azindithandiza. Ine sindikuti mbale ndi wakuba ayi, vuto ndi loti tsiku lomwe ndalama yashota mudzalephera kumufunsa, mukamufunsa madzulo omwewo foni yochokera kumudzi, amalume akufunsa kuti mwanayo mukumutenga ngati wakuba bwanji. Ngati mukudziwa kuti munthu uyu sindingathe kumuchotsa ntchito, musamulembe nkomwe. Mukalemba mbale, malamulo akhale omwewo amene mukanaika kwa munthu wachilendo ndipo muwanene tsiku loyamba pamaso pa munthu wina wamkulu, osati kudzawayambitsa zinthu zitavuta kale.

Chomwe mukufuna mwa munthuyo si sukulu yambiri. Akhale wodziwa kuwerengera ndi kulemba manambala owerengeka, wosunga nthawi, wokhala ndi foni ya WhatsApp yojambula bwino, wolankhulako Chingerezi ndipo ngati amathako ka Chizulu kapena ka Sesotho nde bola kwambiri chifukwa anthu amene azikumana nawo tsiku ndi tsiku ndi asekyulite, okolopa ndi a pa risepishoni, amenewo ndi amene amakuuzani zoona za makina anu. Funsani komwe anagwirako kale ndipo muimbe nokha, osangolandira kalata. Funso lake ndi limodzi, kodi atabweranso mungamulembe? Mukamva munthu akuyamba ndi eee aaa, mwamva kale yankho. Malo ena monga masukulu ndi zipatala amafuna police clearance, kalata ya kupolisi ya kuno (SAPS) yosonyeza kuti alibe mbiri ya milandu, asanamupatse khadi lolowera, mafakitale ambiri amafunanso jombo zolimba ndi vesiti yowala ija, zimenezo mugule ndinu.

Nkhani ya mapepala tisaibise. Lamulo la Immigration Act la 2002 limaletsa kulemba ntchito munthu wakunja amene alibe chilolezo chogwira ntchito, ndipo wolembayo naye amaimbidwa mlandu. Kupatula lamulolo, ganizani munthu akuyenda ndi thumba la ndalama zanu ndi makiyi a makina onse nkukumana ndi apolisi pa Park Station, katundu yense wapita, makina akhala osatsegulidwa mpaka mupeze wothyola maloko. Ndipo musadzinamize kuti wopanda mapepala sangakusumireni, khoti la za ntchito, Labour Court, linagamula kale mu 2008 kuti munthu wotero amawerengedwabe ngati wantchito ndipo atha kukadandaula ku CCMA, bungwe loweruza mikangano ya antchito ndi mabwana awo.

Malamulo a ntchito kuno si ngati ganyu ya kwathu yongopangana pakamwa. Malipiro otsikitsitsa anayamba pa 1 Januwale 2019 ali R20 pa ola, kuyambira 1 Malichi 2025 anafika R28.79, ndipo akhala akukwera chaka ndi chaka mu Malichi nde muzifufuza mtengo wa chaka chimenecho. Chomwe ambiri sadziwa nchoti ndalama ya thiransipoti, chakudya, malo ogona ndi mabonasi siziwerengedwa pa malipiro amenewa, zoti ndikumusunga kale pakhomo amadya zanga sizigwira ntchito ku CCMA. Mukamuitana tsiku lina nkugwira maola awiri okha, mumulipirabe a maola folo. Sabata ya ntchito ndi maola 45, opitirira apo ndi ovataimu pa mtengo umodzi ndi theka. Akamagwira maola opitirira 24 pamwezi mumulembetse ku UIF, thumba lothandiza munthu ntchito ikamuthera, inu 1% iye 1% ya malipiro ake. Mumulembetsenso ku Compensation Fund, thumba lolipira ovulala pa ntchito, chifukwa makina awa ndi olemera makilo mazanamazana, atamugwera pa mwendo mungagulitse onse kulipira chipatala. Mulembe kakontrakiti, ngakhale ka tsamba limodzi, konena ntchito yake, masiku, malipiro ndi tsiku lolandira, musainirane aliyense asunge kake. Zomutchula kuti ndi kontrakitala pomwe maola mumamuuza ndinu, makiyi ndi anu, stoko ndi yanu, sizikupulumutsani, lamulo limaona mmene ntchito ikuyendera osati dzina lomwe mwalemba papepala.

Kuphunzitsa. Masabata awiri oyamba muziyenda naye, ulendo woyamba mupange inu iye akuonerera, kenako apange iye inu manja mthumba osalankhula mpaka amalize. Mumuonetse kuti zatsopano zimapita kumbuyo kwa sipiringi, waya wozungulira uja wokankha katundu, zakale kutsogolo, apo ayi mudzapeza Simba wa miyezi isanu ali kumbuyoko deti inadutsa kalekale. Paketi ya tchipisi iziikidwa choimirira bwino pakati pa waya, ikapendekeka imakola, munthu walipira katundu osagwa nde amayamba kumenya makina ndi mapazi. Chilichonse chili ndi malo ake, jambulani makina atadzazidwa bwino mumate chithunzicho mkati mwa chitseko kuti asamaike Dragon pa mzere wa madzi pomwe mitengo ndi yosiyana. Mumuphunzitse kutulutsa koini yokola mu coin mech, kachipangizo kolandira makoini kaja, popanda kutokosa ndi sukuludiraiva, kupukuta mmene mumadutsa ndalama zapepala, kuchotsa fumbi kumbuyo kwa fuliji, ndi kuona ngati fuliji yayambanso kuzizira magetsi akabwera. Mumuuzenso zomwe asakhudze, mitengo, mawaya, gasi wa fuliji, ndipo makina asawasunthe yekha olo bwana wa malo atamukakamiza, aziimba kaye. Pena makina akamakana ndalama sikuti afa, mu 2023 South African Reserve Bank inatulutsa makoini ndi manoti atsopano ndipo makina akale ambiri amafunika tekinishani awasinthe kuti aziwalandira, nde ngati munagula a sekondi hande yambani mwayesa ndi ndalama zonse zakale ndi zatsopano.

Mukamayenda naye mumudziwitse kwa eni malo ndi dzina, uyu ndi amene azibwera Lolemba ndi Lachinayi. Pa makina pakhale nambala yanu osati yake. Madandaulo azibwera kwa inu, ndi njira imodzi yodziwira ngati anapitadi.

Tsopano pomwe pagona nkhani. Paja amati mbuzi imadya pomwe yamangiriridwa, munthu wabwinobwino wopemphera mukamusiya ndi bokosi la makoini lomwe palibe amaliwerenga, mwezi woyamba sakhudza, wachiwiri abwereka R10 ya taxi nkubweza, wachitatu osabweza, pofika Disembala wadziikira yekha malipiro ena. Nde musamayang'anire nkhope, muziyang'anira manambala, ndipo manambala ake ndi atatu, mita, ndalama ndi stoko. Makina ambiri a masiku ano ali ndi mita mkati yomwe imawerenga zonse zomwe zagulitsidwa chiyambire, mukalowa mu menyu ya sevisi mumaipeza. Pamakhala ina yotheka kuifufuta ndi ina yosafufutika, inu muzigwiritsa yosafufutikayo. Ulendo uliwonse munthu wanu ajambule nambala imeneyo asanatsegule bokosi la ndalama. Tiyerekeze Lolemba mita inali pa R18 450, Lachinayi ili pa R20 130, nde kuti pagulitsidwa za R1 680. Ngati za R600 analipira pa khadi, mthumba mukuyenera kupezeka R1 080. Koma apa samalani musanamunamizire munthu, makoini ena sagwera mu bokosi, amakhala mma tube a chenji, nde ngati ma tube anali opanda kanthu makina amayamba adzaza amenewo. Njira yosavuta ndi yoti ulendo uliwonse ma tube azidzazidwa kufika pa mlingo umodzimodzi, ndalama yomwe waikamo ailembe. Mukatero kusiyana kwa R5 kapena R10 si kwachilendo ayi, makina nawo amalakwitsa, koma shoti ya R80 sabata iliyonse pa makina omwewo si makina amenewo.

Nambala yachitatu, stoko, ndi yomwe ambiri amaisiya chifukwa ndi yotopetsa, chonsecho ndi imene imagwira wochenjera. Wochenjera satenga ndalama mu bokosi, akudziwa kuti mita imuulula. Iye amatsegula chitseko nthawi ya lanchi anthu ali pamzere nkumagulitsa pamanja, ndalama mthumba, mita siinawerenge kanthu, mita ndi bokosi zikugwirizana bwinobwino koma zitini za Stoney twente zasowa. Wina amagwiritsa ntchito test vend, ija yoyesera ngati sipiringi ikuzungulira, katundu amagwa ulere. Wina amabwera ndi zakumwa zake zomwe wapikula yekha ku cash and carry nkumagulitsa pambali pa makina anu, makasitomala anu omwewo. Wina aziti izi zinadutsa deti ndataya, kapena ndabweza R30 kwa anthu omwe makina anawamezera. Zonsezi mankhwala ake ndi amodzi, zomwe zinalowa kuchotsa zomwe mita yati zagulitsidwa zifanane ndi zomwe zatsala mkati. Zodutsa deti ndi zophulika azibwera nazo muzione ndi maso, osataya yekha. Zobweza ndalama zizidutsa kwa inu, kapena musiye kaenvulopu ka R50 ndi kabuku pa risepishoni aliyense wobwezeredwa asaine.

Kuti stoko isakusokonezeni musamupatse kiyi wa kositolo kuti azitapa yekha. Madzulo mulongedze nokha, makina aliwonse kireti yake, mulembe papepala kuti Coke 24, Score 12, Nik Naks 15, Lunch Bar 10, iye asaine potenga, zotsala abwere nazo. Zimatenga nthawi inde koma zimachepetsanso katundu woyenda naye, munthu sakuyenda ndi theka la Makro mgalimoto. Ngati muli ndi ndalama ikani tizipangizo towerenga khadi monga ta Nayax, timatumiza malonda onse pa foni, mumaona muli kuntchito kuti mzere uti watha ndipo ena amaonetsa ndi nthawi yomwe chitseko chatsegulidwa. Tizipangizoti mumatilipirira pamwezi komanso eni ake amadulako pa malonda a pa khadi, koma kwa ine pa makina otanganidwa ndi ndalama yabwino kuwononga kusiyana ndi kulemba munthu wachiwiri woti aziyang'anira woyambayo, komanso anthu akamalipira pa khadi ndalama yoyenda mthumba imachepa.

Pa WhatsApp pangani gulu la inu ndi iye basi, pa makina aliwonse zithunzi zitatu, pofika asanakhudze, mita, ndi pochoka atadzaza. Azitumiza nthawi yomweyo ali pomwepo osati madzulo zonse pakamodzi. Koma inunso muzizionadi zithunzizo, munthu akangozindikira kuti bwana satsegula nkomwe amayamba kutumiza za sabata yatha. Ndipo kamodzi pa mwezi, tsiku losanena, mupite nokha pa makina amodzi, mugule kanthu ngati kasitomala, muone chenji ngati chikutuluka, muone pansi ndi pamwamba ngati anapukuta, mutsegule muwerenge. Mumuuziretu tsiku lolembedwa ntchito kuti ine ndimapanga zimenezi, isakhale misampha. Munthu wokhulupirika zimamusangalatsa chifukwa tsiku lomwe makina alakwitsa okha pali umboni womuteteza.

Ndalama zizibwera mmatumba otseka, makina aliwonse thumba lake lolembedwa dzina la malo, osaphatikiza, mukaphatikiza simudzadziwa pomwe pakudontha. Kuwerenga muziwerenga nonse awiri kapena inu tsiku lomwelo, osati kusiya matumba sabata yonse pansi pa bedi kenako nkumati yashota, pamenepo nkovuta kunena kuti watenga ndi iye kapena ana a pakhomo.

Za chitetezo kuno ndi Joni abale, tisachite ngati sitikudziwa. Munthu amene amatuluka pageti lomwelo Lachisanu lililonse 3 koloko ndi chikwama cholemera anthu amamuona. Masiku otolera ndalama azisinthasintha, chikwama chikhale wamba chopanda dzina la bizinesi, makina a malo ovuta azipitako mmawa, ndipo asawerengere ndalama pa makina anthu akuona. Mumuuze momveka kuti akamuloza ndi mfuti kapena mpeni apereke zonse, R2 000 siyofera. Koma akaberedwa akatsegule mlandu ku polisi tsiku lomwelo abwere ndi nambala ya kesi, wonama nthawi zambiri amayamba kuzemba pamenepo. Makiyi ozungulira aja amene makina amabwera nawo ambiri amafanana ndi a makina a anthu ena, sinthani maloko muike anuanu, ndipo kiyi aliyense amene mwapereka alembedwe mkabuku ndi siginecha.

Kalipiridwe. Ena amakonda komishoni yokhayokha, akuti munthu azilimbikira, koma wa komishoni amathamangira makina atatu ogulitsa kwambiri nkusiya aang'ono aja afe, kupukuta nde samakupanga nkomwe poti sikubweretsa ndalama. Bola malipiro a pa ola kapena a pa tsiku, pamwamba pake kabonasi pa mwezi womwe palibe mzere unapezeka wopanda kanthu, palibe chodutsa deti mmakina, ndipo manambala agwirizana. Thiransipoti ndi bandulo ya foni mupereke padera, apo ayi azitenga mu bokosi ndipo mumtima mwake saona ngati waba. Tsiku lolipira likhale tsiku lolipira. Munthu amene wakunyamulirani R6 000 sabata ino inu nkumamuuza kuti dikira kaye zinthu sizili bwino, mwamuphunzitsa nokha kudzilipira. Muzilipira kudzera ku banki kapena pa foni kuti pakhale umboni, mukapereka pamanja asaine.

Nanga ikashota? Musathamangire kudula pa malipiro, lamulo la Basic Conditions of Employment Act silikulola kungodula mwakufuna kwanu. Pamafunika kuti kulakwa kukhale kwake, mumupatse mpata wofotokoza, avomere polemba, ndipo zodulazo zisapitirire kota ya malipiro ake. Yambani mwayesa makinawo nokha, muponye makoini teni muone ngati mita ikuwerenga bwino, muone ma tube. Mukapeza kuti makina alibe vuto mukhale naye pansi awiri, osati pa gulu, mumuonetse manambala papepala nkumufunsa kuti tandithandize apa zikuyenda bwanji. Zochedwa, kudumpha makina ndi uve, muyambe ndi chenjezo la pakamwa kenako lolemba. Kuba kwa umboni mutha kumuchotsa nako, komabe mumuuze mlandu wake polemba, mumupatse tsiku loti adzayankhe, abwere ndi mnzake ngati akufuna, kenako mupereke chigamulo polemba. Ali ndi masiku 30 okadandaula ku CCMA, ndipo kumeneko amafunsa zinthu ziwiri, chifukwa chake ndi njira yomwe munatsata, mutha kukhala kuti munagwiradi wakuba koma nkuluza poti munangomuthamangitsa pa foni mutapsa mtima. Ngati mukusiyana bwinobwino popanda mlandu, notisi ndi sabata imodzi kwa amene sanapitirire miyezi sikisi, masabata awiri mpaka chaka, masabata folo akapitirira chaka, ndipo masiku a holide omwe sanatenge mumulipire.

Tsiku lomwe akuchoka, kaya mwasiyana mwamtendere kaya mwa mkangano, makiyi onse ndi makadi olowera pageti abweze musanamupatse ndalama yomaliza, nambala yachinsinsi ya menyu ya sevisi musinthe, ndipo muimbire malo onse tsiku lomwelo kuti uja sakugwiranso kwa ine, chifukwa asekyulite anamuzolowera amutsegulira geti mmawa mwake osafunsa. Kiyi mmodzi akasowa maloko onse omwe amatsegulidwa ndi kiyi ameneyo asinthidwe sabata yomweyo, nde muzisungiratu maloko awiri atatu apadera mu kabati.